Mkango Umene Unakana Phiko

Usiku wa pa 2 March 2024, pa bwalo la mipikisano ya magalimoto la Lusail ku Qatar, galimoto nambala 93 ya kampani ya Peugeot inali pa malo achiwiri. Mpikisano unali utatenga maola pafupifupi 10, ndipo kunangotsala kuzungulira bwalo kawiri kuti onse akapume. Mwadzidzidzi galimoto ija inayamba kufooka. Magalimoto amene inali itawasiya kalekale anayamba kuidutsa imodziimodzi, ndipo dalaivala wake, Jean-Éric Vergne, anangoikwawitsa cham'mbali mwa msewu. Mafuta anali atatha.

Ine ndinkaonera pa intaneti, ndipo chisoni chimene chinandigwira chinandidabwitsa ndekha, pakuti ku kampaniyo ndilibe m'bale kapena ndalama. Koma aliyense amene ankatsatira mipikisanoyi ankadziwa kuti limenelo linali tsiku lomaliza kuiona galimotoyo mmene inabadwira. Mwa magalimoto 19 a gulu lapamwamba lotchedwa Hypercar amene anayamba mpikisanowo, a Peugeot okha ndiwo analibe phiko kumbuyo. Eniake anali atavomera kale kuti maganizo awo sanaphule kanthu ndipo phikolo aliika. Ndiye pa tsiku lotsanzikana, maganizo okanidwa aja anangotsala pang'ono kuchititsa manyazi onse amene ankawaseka.

Nkhani ya galimoto imeneyi, yomwe dzina lake ndi 9X8, ndimaibwerera kawirikawiri chifukwa imaonetsa chimene ntchito yopanga galimoto ya mpikisano yasanduka m'zaka zino. Injiniya wakale ankalimbana ndi mphepo, kutentha kwa injini ndi kuperepeseka kwa zitsulo. Walero akulimbanabe ndi zomwezo, koma wapezanso mdani wina woopsa, amene ndi buku la malamulo losintha iye ali mkati mwa ntchito.

Ife a chigawo chino cha Africa dzina la Peugeot sitinalidziwire pa kanema. Tinalidziwira m'misewu ya fumbi, momwe 404 ndi 504 zinkanyamula anthu, matumba a chimanga ndi nkhuku mpaka kukalamba zikuyendabe. Mbiri ya kulimba ija inali ndi umboni wake: 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inapambana mu 1975 ndi 1978. Amene anaiyendetsa mu 1975, Ove Andersson wa ku Sweden, ndi yemwenso anayambitsa gulu la mipikisano la Toyota ku Ulaya, lomwe linakakhazikika mu mzinda wa Cologne ku Germany, kumene lero kukupangidwa magalimoto amene akusowetsa Peugeot mtendere. Anthu a mipikisano ndi a mudzi umodzi.

Koma bwalo lalikulu loyesera kupirira kwa galimoto lili kwawo ku France, pafupi ndi mzinda wa Le Mans. Mpikisano wa kumeneko unayamba mu 1923 ndipo umayendetsedwa ndi bungwe la Automobile Club de l'Ouest, mwachidule ACO. Bwalo lake ndi lotalika makilomita 13.626, ndipo mbali yaikulu ndi misewu wamba imene masiku ena onse mumadutsa malole ndi mabasi. Galimoto iliyonse imakhala ndi madalaivala atatu osinthanasinthana, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa onse m'maola 24. Nyengo ikakhala yabwino, mtundawo umapitirira makilomita 5,000. Mawu a akuluakulu akuti kuthamanga si kufika akanayenera kulembedwa pa chipata cha bwalo limeneli. Mu 2016 galimoto ya Toyota yoyendetsedwa ndi Kazuki Nakajima inali patsogolo pa onse, kutatsala mphindi zochepa kwambiri, pamene kachitsulo kolumikiza paipi ya mpweya wochokera ku turbo kanalephera. Galimotoyo inaima pamaso pa khamu lonse, Porsche n'kudutsa.

Peugeot inapambana ku Le Mans katatu, ndipo ulendo uliwonse inayamba ndi kupunthwa. Galimoto yake ya 905, yomwe ntchito yake inkatsogoleredwa ndi Jean Todt, inali yokongola kwambiri pamene inatuluka mu 1990, koma mu 1991 Jaguar XJR-14 inaionetsa kuti kukongola sikukhota makona. Mainjiniya anaikonzanso thupi lonse, anaiika mapiko akuluakulu, ndipo inapambana mu 1992, kenaka mu 1993 inatenga malo oyamba, achiwiri ndi achitatu. Galimoto ya dizilo ya 908 inayamba mu 2007, inapambana mu 2009, koma mu 2010 magalimoto onse anayi amene analowa mpikisano anafera m'njira, atatu chifukwa cha injini. Mu January 2012, malonda a magalimoto atavuta ku Ulaya, akuluakulu a kampani anatseka ntchito yonse mwadzidzidzi, kutatsala milungu yochepa kuti ligi yatsopano ya dziko lonse, World Endurance Championship, iyambe.

Peugeot itachoka, mpikisano unalowa m'nyengo imene ambiri amaikumbukira ndi malovu m'kamwa, koma yomwe inatsala pang'ono kuupha. Audi, Toyota ndi Porsche zinkapanga magalimoto a gulu la LMP1, ophatikiza injini ya mafuta ndi mota za magetsi, ndipo chaka chilichonse zinkatulutsa zodabwitsa zatsopano. Mu 2017 Kamui Kobayashi anazungulira bwalo la Le Mans m'mphindi 3 ndi masekondi 14.791, liwiro limene palibe anali atalifikapo pa bwalolo mmene lilili lero. Koma ndalama zimene zinkapita pa ntchitoyo, malinga ndi mmene zinkamvekera, zinkapitirira ma euro 100 miliyoni pa chaka kwa kampani imodzi. Mlandu wa chinyengo pa utsi wa dizilo utagwera Volkswagen mu 2015, Audi inachoka kumapeto kwa 2016, Porsche n'kutsatira kumapeto kwa 2017. Toyota inatsala yokha. Inapambana mu 2018, 2019 ndi 2020, koma kunena zoona chinali chipambano cha munthu wovina yekha pa bwalo.

A ACO pamodzi ndi bungwe la FIA anaona kuti akapanda kutsitsa mtengo, mpikisano ufa. Mu 2018 analengeza gulu latsopano, lomwe linadzatchedwa Hypercar n'kuyamba mu 2021, ndipo malamulo ake anatembenuza kaganizidwe konse. Kale mabungwewa ankalemba kuti phiko litalike chonchi, injini ikule chonchi, n'kusiya mainjiniya afinye liwiro lonse limene angalipeze mkati mwa malire amenewo. Wandalama zambiri ankafinya zambiri. Tsopano anayamba kulamula zotsatira zake zenizenizo. Mphamvu yonse yofika ku matayala isapitirire makilowati 500, omwe ndi mahosipawa pafupifupi 680, ndipo pa zitsulo zozungulitsa matayala pamakhala timakina toyeza mphamvuyo nthawi zonse. Galimoto isapepuke kuposa makilogalamu 1,030. Mphamvu imene mphepo imakanikizira galimoto pansi, poiyerekeza ndi mphamvu imene mphepo yomweyo imaikokera m'mbuyo, ikhale cha pa 4 kwa 1, ndipo zonse ziwiri zili ndi malire ake. Galimoto ikatha kupangidwa inkatengedwa kupita ku Hinwil ku Switzerland, m'chinyumba cha kampani ya Sauber, momwe ankaiuzira mphepo yamphamvu n'kuyeza ngati ili mkati mwa malirewo. Ikavomerezedwa, mapangidwe ake amatsekedwa, poyamba anati kwa zaka 5, ndipo eniake angaisinthe kangapo kowerengeka, mochita kupempha. Pamwamba pa zonsezi pali dongosolo lotchedwa Balance of Performance, mwachidule BoP, lomwe limapatsa oyendetsa mpikisano mphamvu yowonjezera kulemera kapena kuchepetsa mphamvu ya galimoto imene yapambanitsa anzake.

Munthu angafunse kuti ngati zonse zatsekedwa chonchi, injiniya watsala ndi ntchito yanji? Watsala ndi yambiri, kungoti yasuntha malo. Liwiro la pa msewu wowongoka saloledwa kulipambanitsa, choncho amafunafuna galimoto imene siitha matayala msanga, imene khalidwe lake silisintha kukazizira usiku kapena kukagwa mvula, imene dalaivala wotopa pa 4 koloko m'bandakucha angaikhulupirire, imenenso makaniko angaisinthe mabuleki kapena mphuno m'masekondi ochepa. Komanso malamulowo anapereka ufulu umene unali utasowa kwa zaka zambiri: malinga ngati manambala a ku Hinwil akwana, galimoto ingaoneke mmene mwini wake wafunira.

Ufulu umenewu ndi umene gulu la Peugeot Sport ku Satory, pafupi ndi Versailles, linauwerenga mozama kuposa wina aliyense. Kampani inalengeza zobwerera mu November 2019, ndipo ntchito ya umisiri inali m'manja mwa Olivier Jansonnie. Kuti timvetse zimene anachita, tiyambe ndi phikolo. Phiko la ndege limainyamula m'mwamba. La galimoto ya mpikisano ndi lozondoka, ndipo mphepo ikamalimenya limakanikiza matayala akumbuyo pa phula kuti asaterereke pokhota. Mtengo wake ndi wakuti limakoka galimoto m'mbuyo pa msewu wowongoka. Njira ina yopezera mphamvu yomweyo ndi kunsi kwa galimoto: mukakuumba bwino, mphepo yodutsa pakati pa galimoto ndi phula imathamanga kwambiri, n'kuyamwa galimotoyo kuti imatirire pansi. Mainjiniya a Peugeot atawerengera, anapeza kuti malire a malamulo atsopano ndi otsika moti angathe kuwafika ndi kunsi kwa galimoto ndi kaumbidwe ka msana wake, popanda phiko. Pa 6 July 2021 anaonetsa dziko galimoto yophwatalala, ya nyali zitatuzitatu zooneka ngati mikwingwirima ya zikhadabo za mkango, ndipo kumbuyo kwake kunali mbee. Ambiri anaganiza kuti ndi chidole chokopera atolankhani, ndipo phiko lidzaoneka tsiku la mpikisano. Chichokereni nthawi ya Chaparral 2F, imene inafika ku Le Mans mu 1967 ndi chiphiko chachitali ngati thandala, phiko linali litasanduka chinthu chosafunsa. A Peugeot eniake ankakumbutsa anthu kuti galimoto yomaliza kupambana kumeneko popanda phiko lenileni inali Porsche 917K mu 1971.

Anthu ankayang'ana kumbuyo kwa galimotoyo, koma nkhani yeniyeni inali pa matayala. Injini yake, V6 ya malita 2.6 yokhala ndi ma turbo awiri, inkazungulitsa matayala akumbuyo. Kutsogolo kunali mota ya magetsi ya makilowati 200, yodya kuchokera ku batire ya mavoti 900 imene anapanga mogwirizana ndi TotalEnergies ndi Saft. Motayo siwonjezera mphamvu, chifukwa ikayamba kugwira ntchito injini imatsitsa yake kuti zonse pamodzi zisapitirire malire aja. Phindu lake ndi lakuti galimoto imakoka ndi matayala onse anayi potuluka m'khona, pamene ya matayala awiri ikuterereka. Malamulo a nthawi imeneyo ankati motayo ingayambe kukoka galimoto ikafika pa makilomita 120 pa ola, ndiponso kuti galimoto yokoka ndi matayala anayi ikhale ndi matayala ofanana, otambalala masentimita 31 kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Peugeot inamanga zonse pa maziko amenewa. Popeza matayala akutsogolo anali aakulu, inasunthira kulemera kutsogolo mpaka kugawana pafupifupi theka ndi theka. Popeza kulemera kunali kutsogolo, mphamvu ya mphepo inafunikanso kugawidwa chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake phiko lakumbuyo linalibe ntchito. Kunsi kwa galimoto, matayala ofanana ndi mota yakutsogolo zinali ngati mafuwa atatu. Mukachotsa limodzi, mphika umapendekeka.

Ndipo mafuwawo anayamba kusuntha galimoto isanathe n'komwe. Mu January 2020 ku Daytona, a ACO ndi bungwe la ku America la IMSA analengeza kuti agwirizana zopanga mtundu wachiwiri wa galimoto, LMDh, umene udzapikisane limodzi ndi ma Hypercar. Umenewu ndi wotsika mtengo: chigoba chimagulidwa kwa imodzi mwa makampani anayi, Oreca, Dallara, Ligier kapena Multimatic, mota ya magetsi ndi yaing'ono komanso yofanana kwa onse, ndipo kampani imangobweretsa injini ndi nkhope yake. Mwezi wotsatira Aston Martin, imene malamulo oyamba anali atakonzedwa moiganizira, inaimitsa ntchito yake ya Valkyrie, ndipo sinaoneke pa mpikisano mpaka 2025. Mu May 2020 mphamvu inatsitsidwa kuchoka pa makilowati 585 kufika pa 500, kulemera kuchoka pa makilogalamu 1,100 kufika pa 1,030, kuti mitundu iwiriyo ifanane.

Vuto linali lakuti magalimoto a LMDh amakoka ndi matayala akumbuyo okha. Porsche, Cadillac kapena BMW sizikanalola kuwononga ndalama kuti zizikasiyidwa pa khona iliyonse ndi galimoto yokoka ndi anayi. Choncho liwiro loyambira mota yakutsogolo linachotsedwa pa 120 n'kuikidwa m'manja mwa BoP, ndipo magalimoto okoka ndi matayala anayi analoledwanso kuvala matayala a masentimita 29 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, monga anzawo. Toyota, imene galimoto yake ya GR010 inali itapambana kale ku Le Mans mu 2021, inasintha matayala mu 2022 ndipo inavomera kuti mota yake iziyamba pa 190. Peugeot inati ntchito yake inali itapita patali moti kusintha matayala kukanakhala kuyambiranso galimoto yonse. Inatsala ndi matayala ofanana aja, n'kupatsidwa 150 ngati chipukuta misozi. Makona ambiri ovuta galimoto imatulukamo isanafike pa liwiro limenelo. Ndiye 9X8 inkatuluka m'makona amenewo ikukoka ndi matayala akumbuyo okha, ang'ono kuposa a anzake, kulemera kwake kuli kutsogolo kumene sikukanathandiza.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga, chifukwa okonda Peugeot amafulumira kunena kuti anawabera. Sindikuona kuti a ACO analakwa. Mu 2021 gulu la Hypercar ku Le Mans linali ndi magalimoto 5. Mu 2023 linali ndi 16. Palibe woyendetsa mpikisano amene akanakana makampani onsewo pofuna kuteteza nzeru za kampani imodzi. Komanso mavuto ena a 9X8 sanachokere m'buku la malamulo. Kampani inasankha kusalowa Le Mans ya 2022 kuti ipitirize kuyesa galimoto mapangidwe ake asanatsekedwe, komabe itayamba ku Monza mu July chaka chomwecho, imodzi inafera m'njira ndipo inayo inamaliza kumbuyo kwenikweni. Zosinthira magiya zinavutitsa kwa miyezi. Ndipo galimoto yodalira kunsi kwake ili ndi chilema chimene mainjiniya amachidziwa bwino: mphamvu yoyamwa ija imadalira mpata wa pakati pa galimoto ndi phula, moti mpatawo ukasintha pa bampu, mphamvuyo imasinthanso. Phiko lilibe nazo ntchito zimenezo, lili m'mwamba mu mphepo yabwino. Ku Sebring ku Florida mu March 2023, pa bwalo la konkire lomwe kale linali la ndege za asilikali, 9X8 inkadumphadumpha ngati mwanawang'ombe, ndipo inasiyidwa kutali.

Ku Sebring komweko kunafika mlendo wokhala ndi kalumo kakuthwa. Ferrari inali isanapikisane pa gulu lapamwamba ku Le Mans chiyambire 1973, ndipo inali isanapambane chiyambire 1965. Inalengeza zobwerera mu February 2021, miyezi 15 pambuyo pa Peugeot, ndipo galimoto yake ya 499P inayenda koyamba ku Fiorano mu July 2022, mwezi womwe 9X8 inkavutika ku Monza. Kuchedwa kumeneko kunasanduka mwayi. Mainjiniya a Ferdinando Cannizzo anajambula galimoto yawo malamulo atakhazikika: matayala a 29 ndi 34, mota yakutsogolo yoyamba pa 190, phiko lalikulu kumbuyo. Panalibe chodabwitsa pa galimotoyo kupatula kuti chilichonse chinali m'malo mwake. Antonio Fuoco anaposa onse pa mpikisano wosankha malo oyambira ku Sebring, tsiku loyamba lenileni.

Le Mans ya 2023 inali yokumbukira zaka 100, ndipo kunasonkhana anthu 325,000. Kutatsala masiku ochepa, a BoP anawonjezera makilogalamu 37 pa Toyota ndi 24 pa Ferrari, Peugeot osaikhudza. Makampani saloledwa kudandaula poyera za BoP, malamulo amaletsa. Mvula inagwa mwa apo ndi apo madzulo ndi usiku, ndipo kwa maola angapo tinaona galimoto imene Jansonnie anailota. Msewu wa ku Le Mans ndi wosalala, makona ake ambiri ndi othamanga, ndipo pa phula lonyowa kukoka ndi matayala anayi kunabwezera phindu lake. Nambala 94 inatsogolera mpikisano. Ndinakhala maso usiku umenewo ndikudziuza kuti mwina onse oseka aja ameza mawu awo. Koma usiku womwewo Gustavo Menezes anaiwombetsa ku mpanda pa imodzi mwa makona odula msewu wautali wa Hunaudières, ndipo nthawi imene inathera ku galaja sinabwezedwenso. Makona amenewo, tinene modutsa, anaikidwa mu 1990, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene galimoto ya WM ya injini ya Peugeot inathamanga makilomita 405 pa ola pa msewu womwewo. Nambala 93 inamaliza pa nambala 8. Ferrari nambala 51 ya Alessandro Pier Guidi, James Calado ndi Antonio Giovinazzi inapambana, ngakhale kuti itaima komaliza kudzamwa mafuta inakana kulira mpaka dalaivala anachita kuzimitsa zonse n'kuyatsanso. Ferrari inadzapambananso mu 2024 ndi mu 2025.

Mwezi wotsatira ku Monza nambala 93 inamaliza yachitatu, ndipo kameneko kanali koyamba 9X8 kufika pa nsanja ya opambana. Koma pofika nthawi imeneyo chithunzi chinali chitaoneka bwino. Pa bwalo losalala la makona othamanga galimotoyo inkalimbana ndi aliyense. Pa bwalo la mabampu kapena la makona okhota kwambiri inkasowa. BoP inkayesa kuithandiza poipepuza ndi kuiwonjezera mphamvu, koma apa ndi pamene ndinamvetsa malire a dongosolo limeneli. Likhoza kufananitsa magalimoto awiri ofanana mtima, powonjezera makilogalamu kuno ndi kuchotsa makilowati uko. Silingathe kufananitsa magalimoto amene amapeza liwiro lawo m'malo osiyana a bwalo, chifukwa mukawafananitsa pa bwalo lina, pa bwalo lotsatira asiyananso. Malamulo amene analonjeza kuti galimoto ingaoneke mmene mwini wafunira anapezeka kuti amagwira bwino ntchito pokhapokha magalimoto onse akafanana pansi pa utoto. Wosiyana ndi anzake tsogolo lake linali m'manja mwa anthu a mu ofesi amene amalemba manambala mpikisano uliwonse usanayambe, ndipo palibe kampani yaikulu imene ingapirire zimenezo kwa nthawi yaitali.

Chakumapeto kwa 2023 Peugeot inagonja. Inasankha matayala a 29 ndi 34, ndipo fuwa limodzi litachoka, enawo anayenera kusuntha. Kulemera kunabwerera kumbuyo, mphamvu ya mphepo inayenera kutsatira, ndipo njira yoitengera kumbuyo inali phiko. Chigoba chapakati chinatsala chomwecho, koma thupi pafupifupi lonse linajambulidwanso. Okumbukira mbiri anaona kuti zimenezi zinachitikapo ndi 905 mu 1991. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi ija galimoto yokonzedwanso inkaloledwa kukhala yaliwiro mmene ingathere, pamene ino inayenera kubwerera ku Hinwil kukatsimikizira kuti sinapitirire malire omwe aja.

Galimoto yatsopano sinali yokonzeka pa mpikisano woyamba wa 2024, ndipo n'chifukwa chake yakale ija inapita ku Qatar. Bwalo la Lusail ndi losalala ngati mbale, makona ake ndi aatali ndi othamanga, ngati kuti analimangira 9X8. Vergne, Mikkel Jensen ndi Nico Müller anakhala pakati pa otsogola kuyambira masana mpaka usiku, ndipo Porsche imodzi yokha ndiyo inali patsogolo pawo. Poima komaliza, mafuta amene analowa m'thanki sanakwane. Injini itazima, Vergne anatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene chikanasuntha galimotoyo, mota yakutsogolo ija. Anaikwawitsa ndi magetsi mpaka kudutsa mzere womalizira pa nambala 7. Pambuyo pake oweruza anaichotsa pa mndandanda wa omaliza mpikisano, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti inagwiritsa ntchito motayo isanafike pa liwiro limene malamulo amalola.

Pa 21 April 2024 ku Imola, 9X8 inafika ndi phiko lake, lotsika ndi lopyapyala, matayala akumbuyo otambalala, mota yakutsogolo yoyamba pa 190 monga Toyota ndi Ferrari. Magalimoto atanyamuka kuthamangira khona ya Tamburello, ndinachita kuifunafuna pa gulu, ndipo ndinaizindikira ndi nyali zokha, zikhadabo zitatuzitatu zija.